Madzi saiwala khwawa: usiku umene mvula inalowera pa geti ku Katete

Anzanga a m'komboni, tiyeni tikambe zoona. Mukamasakila nyumba ya lendi mumayang'ana ciani? Soketi ngati igwira nchito, cimbudzi ngati ni ca mabanja angati, siteshoni ya basi ngati ili pafupi. Mukamagula poloti mumafunsa mtengo ndi mapepala. Koma ni angati mwa inu amene amaima pa geti n'kuyang'ana kumene nthaka yatsetserekera? Ine sindinali kuyang'anako. Ndinaphunzira mu Januwale wapitayu ku Katete, ca m'ma 02 usiku, beseni ili m'manja, madzi akulekeza m'akakolo.

Ndinapita kukaona amalume pambuyo pa Nyuwere. Basi inanyamuka pa Intercity kusanace. Amene munayendapo pa Great East Road mudziwa: mukapitirira Chongwe ndi Rufunsa mseu umayamba kukhotakhota m'mapiri, pa Luangwa Bridge mumagula nsomba zouma, ku Nyimba nthoci, ndiye Petauke, Sinda, mpaka pambuyo pa makilomita pafupifupi 500 mumatsika pa Katete, mapiri a Mphangwe ali poteropo. Nyengo ya mvula dziko lonse limabiriwira: cimanga, soya, nshawa, mpendadzuwa, mpaka m'mphepete mwa tara.

Katete mumaidziwa ndi cipatala ca St Francis cimene cinayamba mu 1948, ndi mwambo wa Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ndiponso ndi mathiraki amene amapatukira ku Chanida kupita ku Mozambique. Cimene simuona muli pa windo la basi n'cakuti tauniyi ikukula motsatira miseu. Aliyense afuna poloti ya m'mbali mwa mseu. Manje mseu uliwonse wopangidwa bwino amaukweza pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Ngati nyumba yanu ili m'munsi mwake, ndinu woyamba kuwalandira.

Simenti ya amalume

Amalume anamanga nyumba yawo ndi ndalama za soya, pang'onopang'ono, zaka zinayi. Zipinda zinayi, malata atsopano, khonde lopaka polishi yofiira. Atagula Canter yakale anati motoka singamaponde matope ngati ngolo, ndiye anathira konkire kucokera pa geti mpaka pa khonde, mamita 15 m'litali, 3 m'lifupi. Ndipo kuti Canter izilowa bwino, ngalande ya m'mbali mwa kamseu kawo anaikwirira ndi zidutswa za njerwa ndi dothi pamalo pa geti. Masana panali kuoneka bwino, mwandi. Ine ndinajambulapo na selfie.

Usiku wacitatu mvula inayamba ca m'ma 23, ya mphepo ndi ziphaliwali. Ndinagona bwinobwino, cifukwa kulira kwa malata ine kumandigonetsa. Amene anandidzutsa ni msuweni wanga.

"Iwe wa ku Lusaka, uka! Ufuna uyandame?"

Nditatsitsa phazi, linalowa m'madzi ozizira. Tinayatsa malaiti a mafoni. Madzi anali kulowa pansi pa citseko ca kutsogolo ngati munthu wodziwa nyumba, kudutsa pa sitingi rumu, kukhotera kucipinda. Titatsegula citseko tinaona kumene anali kucokera. Ngalande ya mseu inadzaza, inafika pamene amalume anakwirira paja, inasowa kopita, n'kukhotera pa geti. Konkire ija inasanduka mtsinje wosalala wolunjika pa khonde.

Tinakapa mpaka kuca. Amalume, atapinda thalauzi, anali kung'ung'udza kuti mvula ya caka cino si yabwinobwino. A anti, uku akufinya cisaka, anangoti: "Mvula ilibe mlandu, atate. Mwaipangira mseu ndinu."

Kutaca tinawerenga zoonongeka. Matumba atatu a yuriya amene anali kuyembekeza kupita kumunda anasungunuka pansi. Thumba la unga linanyowa theka. Mabuku a sukulu a mwana wamng'ono anatupa ngati mabanzi. Ndipo msuweni wanga, amene ni DJ wa pa maukwati, anapeza masipika ake awiri akuluakulu atamwa madzi, pamene Ciweru anali ndi nchito imene analandira kale ya dipoziti. Pa khoma panali mzere wakuda wa cinyontho, pulasitala ikusupuka, ndi kamng'alu pa kona. Mzere umenewo unandiuza kuti aka sikanali koyamba. Kanali cabe koyamba kuti mlendo aone.

Tiyeni tiwerengere

Musathawe, masamu ake ni a Giredi 5. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ni lita imodzi ya madzi. Denga la amalume ni mamita 10 kwa 8, ndiye masikweya mita 80. Konkire ya motoka ni 45. Pamodzi 125. Mvula yamphamvu ya mamilimita 40 ikagwa usiku umodzi, ni malita 5,000. Zigubu za malita 20 zokwana 250. Ndipo apa sitinawerengere madzi a mumseu ndi a maneba a kumtunda.

Cigawo cino ca kum'mawa cimalandira mvula ya mamilimita pakati pa 800 ndi 1,000 pa caka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo. Malata samwa madzi. Konkire simwa madzi. Zonsezo zimafuna kopita, ndipo zimapita kumene kuli kotsika. Ngati kotsikako ni pakhomo panu, beseni ndi mopu sizingakupulumutseni.

Ku Sinda: mmisiri ndi paipi yake

Tsiku lotsatira amalume anatituma ku Sinda, ulendo wosakwana ola limodzi kubwerera ca ku Petauke, kuti tikasiye masipika kwa wokonza ndiponso tikaitane mnzawo wina womanga nyumba. Sinda inakhala boma payokha mu 2012, atadula mbali ina ya Petauke ndi ina ya Katete, ndipo kucokera nthawi imeneyo nyumba zatsopano zikumera mbali zonse za mseu.

Mmisiriyo, bambo wa imvi za apa ndi apo, nayenso nyumba yake ili m'munsi mwa mseu. Mvula yomweyo inagwa kwawo, koma khonde lawo linali louma, nkhuku zikudya gaga pabwalo. Nditafunsa cinsinsi anaseka, ati palibe mankhwala, tiye uone.

Anayambira kunja kwa geti. Ngalande ya mseu sanaikwirire. Anaikamo kalavati, paipi yaikulu ya konkire, motoka imadutsa pamwamba, madzi pansi. Ati amene alibe ndalama ya kalavati angaumbe silabu n'kuiika pamwamba ngati kamlatho, bola pansi pakhale potseguka. Ndipo asanagwire ngalande ya mseu, munthu ayenera kuyamba wafunsa ku khonsolo, cifukwa ngalandeyo si yake yekha.

Pa geti penipeni pali kahampu kotalika ngati cikhatho, masentimita 10 kapena 15. Motoka imakwera popanda vuto, koma madzi a mumseu amalephera, amapitirira ulendo wawo.

Ndiye mamita angapo musanafike pa khonde, anadula njira ya motoka ndi kangalande kopingasa, masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya, kopaka simenti mkati. Pamwamba pali cotsekera ca zitsulo zimene anaotcherera wa welding wa pa msika, cotheka kucinyamula pofuna kucotsa zinyalala. Madzi onse otsika ndi njirayo amagwera mmenemo n'kutembenukira kumbali, kuzungulira nyumba. Ati kangalande kotere kayenera kutsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Kakakhala fulati kamasunga madzi, ndipo udzudzu umafuna sabata imodzi kapena ziwiri cabe kuti uswane m'madzi oima.

Njira ya motokayo sanathire konkire yonse. Anapanga mizere iwiri yopondapo matayala, pakati ndi m'mbali anasiya kapinga ndi miyala ing'onoing'ono. Simenti yocepa, ndalama yocepa, ndipo nthaka imamwako madzi asanafike pansi.

Kuzungulira nyumba, dothi analiunjika kuti litsetsereke kucoka ku khoma: masentimita 15 pa mamita atatu oyamba. Pansi pa nyumba m'kati ni pokwera kuposa bwalo ndi masentimita oposa 15. Ku malata kuli magata amene amathira m'madramu awiri otseka pamwamba.

Cida cake cacikulu cinandiseketsa: paipi yopyapyala yoonekera m'kati, yodzaza madzi. Mmodzi amagwira mbali ina pa geti, wina pa khonde. Madzi m'paipimo amaima pa levulo imodzi mbali zonse, ndiye mukapima ndi tepi kucokera pa madziwo kufika pansi, mumadziwa kuti uku kwakwera bwanji kuposa uko. Atabwera kudzapima kwa amalume, geti inapezeka kuti ili pamwamba pa khonde ndi theka la mita. Amalume anakhala cete nthawi yaitali.

Ku Vubwi: ambuya anadziwa kale

Ndisanabwerere ku Lusaka ndinafuna kuona ambuya, amayi awo a amalume ndi amayi anga, amene amakhala ku Vubwi. Nayonso Vubwi inakhala boma mu 2012, kucoka ku Chadiza, ndipo ili pakona pamene Zambia imagundana ndi Malawi ndi Mozambique. Tinadzera ku Chadiza, ndipo mbali yomaliza tinakwera honda m'tinjira ta dothi, matope mpaka m'makutu. Ni dziko la mapiri. Kumeneko pafupifupi aliyense amakhala pa mtsetse, ndipo m'mbali mwa njira mumaona zigwembe zimene madzi anakumba pamene anthu anawasiya kuti athamange okha.

Nyumba ya ambuya ni ya njerwa zosaocha, ndipo phiri lili kumbuyo kwake kwenikweni. Mukaiona mungati mvula imodzi cabe idzaigwetsa. Koma yakhala zaka zambiri kuposa ine. Khonde lake ni lokwera, lozungulira nyumba yonse, ndipo amalizira caka ciliconse. Udzu wa denga umatulukira kutali ndi khoma. Kumtunda kwa bwalo kuli kamfolo kokumba ndi khasu kooneka ngati uta, kamene kamagwira madzi ocokera kuphiri n'kuwapatutsira mbali ziwiri. Pamwamba pa kamfoloko pali mzere wa udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo umagwira dothi. Kumunsi, kumene madzi amathera, kuli nthoci ndi nzimbe.

Nditawafotokozera za ku Katete, ambuya sanadabwe.

"Mwana uja ndinamuuza pamene anali kukumba maziko. Madzi saiwala khwawa. Pamene anamangapo paja, kale panali kudutsa madzi. Iye anaona mseu cabe."

Ndinawafunsa cifukwa cake kamfolo kawo kamakhotera kumanzere kwambiri. Analoza ndi ndodo: kumanja kuli cimbudzi, ndipo kumunsi kwake kuli citsime cimene mudzi umatungako. Madzi a mvula akadutsa pa cimbudzi n'kukathera pa citsime, mawa lake anthu amamwa zimene anataya dzulo.

Apa nkhani inaleka kukhala ya masipika. Mu Januwale 2023 boma linalengeza kuti ku Vubwi kwabuka kolera, nthawi imene matendawa anali atavuta kwambiri ku Malawi. Mu Okutobala caka comweco inayamba ku Lusaka, ndipo mukukumbuka zimene zinatsatira: National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024 m'malo mwa Januwale, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Kolera imayenda ndi madzi ndi cakudya zimene zakhudzana ndi zonyansa za m'cimbudzi. Ndiye funso lakuti madzi a pabwalo panu apita kuti si la mwini nyumba yekha. A zaumoyo amalangiza kuti cimbudzi cokumba cikhale mamita 30 kucoka pa citsime, ndipo cikhale kumunsi kwake, osati kumtunda.

Nanga madziwo athere kuti?

Ili ndiye funso limene limayambanitsa anthu. Njira yacidule imene ambiri timacita ni kuboola khoma la mpanda n'kutayira kwa neba. Neba nayenso amaboola lake. Wotsiriza kumunsi, kawirikawiri amene alibe ndalama ya mpanda, ndiye amagona ciimirire.

Pali njira zitatu zabwino. Yoyamba, ngati kumunsi kwa poloti yanu kuli ngalande ya mseu, atsogolereni kumeneko. Yaciwiri, kumbani dzenje lomwetsa madzi, mamita osacepera 5 kucoka pa khoma la nyumba, kutali ndi cimbudzi ndi citsime, n'kulidzaza ndi miyala mpaka pamwamba kuti mwana asagweremo. Koma yambani mwayesa dothi lanu: kumbani kadzenje, thiranimo madzi madzulo, kaoneni m'mawa. Pa mcenga mudzapeza mouma. Pa dothi la makande, lakuda lomata lija la m'madambo, mudzapeza madzi ali momwemo, ndipo pamenepo dzenje silingakuthandizeni. Yacitatu, asungeni. Tonse tikukumbuka cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ni tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024. Denga ngati la amalume, pa caka ca mvula ya mamilimita 900, limatsitsa malita 72,000. Dramu limodzi pansi pa gata ni madzi ocapira amene simunalipire pa kiosk.

Kwa ife a lendi

Ndidziwa mukuti: ise tilibe Canter, tilibe geti, tili na ka rumu kamodzi ku Kanyama. Zoona. Ndipo vuto la Lusaka ni losiyanako, cifukwa malo ngati Kanyama, Misisi ndi Chawama ni a fulati, pansi pali mwala ndipo madzi a pansi ali pafupi, ndiye mvula ikacuruka amasowa kolowa. Akuluakulu akumbuka 2010, pamene mabanja osefukiridwa anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Zimenezo sizingathe ndi khasu la munthu mmodzi. Koma pali zimene mungacite.

Musanalipire lendi ya mwezi woyamba, werengani khoma. Mzere wakuda m'munsi, penti yotupa, fungo la cuku, masaka a mcenga osiyidwa kuseri, kakhoma ka njerwa ziwiri pa citseko: zonsezo ni umboni. Yang'anani ngati polowa m'nyumba mukwera sitepu kapena mutsika. Funsani amayi ogulitsa tomato pafupi, osati a landilodi, kuti mu Febuluwale pamakhala bwanji.

Ngati muli kale m'nyumba yotere, gwirizanani a pa yadi imodzi. Kumbani kamfolo kumtunda kwa nyumba, osati pakhomo. Dzazani masaka ndi mcenga muike pamene madzi amalowera m'yadi. Cotsani mapulasitiki ndi mabotolo m'ngalande ya kutsogolo kwanu, ndipo lekani kutayamo zinyalala usiku poganiza kuti mvula idzatenga. Imatenga, inde, n'kukatseka kalavati ya pa kona, madzi n'kubwerera kwa inu nomwe. Unga, mabuku, ma extension ndi zamagetsi zikhale pamwamba. Madzi akalowa, zimitsani magetsi pa meni musanapondemo. Kambani ndi a landilodi manje, ndipo ngati mwagwirizana kuti mugule simenti iwo adzadule pa lendi, zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp.

Kumapeto kwa Ogasiti ndinabwererako ku Katete pa nthawi ya Kulamba, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika. Kunali fumbi lokhalokha, mvula palibe amene anali kuiganiza. Koma kwa amalume ndinapeza kalavati pa geti, kahampu, ndi mzere wa zitsulo wodula konkire yawo yokondedwa ija pakati. Mng'alu wa pa kona anaumata. Kumbuyo kwa nyumba kuli timitengo tinayi ta nthoci tocokera kwa ambuya. Anandiuza kuti zonse pamodzi zinawadyera ndalama yocepa kuposa feteleza ndi masipika a usiku umodzi uja. Sipika imodzi inacira. Inayo msuweni wanga amakhalira ngati mpando.

Manje tili mu Okutobala, dzuwa likuocha, dothi ni louma, ndipo amisiri sanayambe kudula mitengo ya nyengo ya mvula. Mawa kuseni, musanathamangire basi, tengani cigubu cimodzi ca madzi ocapira, mukathire pa geti kapena pamene yadi yanu imayambira. Imani muone kumene apita. Ngati alunjika pa citseko canu, mwatsala ndi masabata ocepa kuti muwapezere njira ina.